Agogo a Goma ndi Dilesi Lofiira

Ndisananene chilichonse, ndiyambe ndathokoza Mulungu amene wandisunga mpaka imvi zayamba kutuluka pamutu panga, amenenso sanandilange molingana ndi mabodza amene ndinanena ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndimuthokoze chifukwa cha agogo aamuna amene anandilera, a Goma, munthu amene pa dziko lino ankaopa awiri okha: Mulungu ndi agogo aakazi. Njovu sankaziwerengera.

Ndikakumbukira agogo, ndimamva fungo la utsi wa nkhuni za tsanya umene unalowerera m'jekete lawo lakuda mpaka sopo anachita kuulephera, ndipo m'makutu mwanga mumalira chitini chakale chophwanyika m'mbali chimene ankamangirira kumbuyo kwa njinga, chomwe ankachimenya kumunda pothamangitsa njovu. Tinkakhala m'mudzi wina wa kwa Kambombo, m'zaka za m'ma 1990. Chimanga chikayamba kukhwima, agogo ankagona pa nsanja kumunda, ndipo ankafika pakhomo dzuwa litatuluka, maso ali psuu, miyendo ya buluku itanyowa ndi mame mpaka m'mawondo, nkukhala pansi pa mtengo wa mango kuwerenga Baibulo lawo lopanda chikuto, chala chikuyenda pansi pa mzere pang'onopang'ono ngati cha mlenje wotsata mapazi a nyama. Anali mkulu wa mpingo. Kunyumba tinkalankhula Chisenga, koma pano ndiwalankhulitsa Chichewa kuti nonse muwamve. Sakadadandaula, chifukwa ankati Mulungu yekha ndiye safuna womasulira.

Chaka chimenecho kusukulu kwathu kunabwera aphunzitsi atsopano ochokera ku matauni a migodi, a Mwansa. Katundu wawo anali wochepa, koma munali tivi, deki yoseweretsa matepi a vidiyo ndi kajenereta kofiira kamene kankatsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya. Masana akaweruka, ankatseka mazenera a pabalaza ndi masaka nkuonetsa mafilimu. Pakhomo munthu ankasiya dzira limodzi kapena mbale ya mtedza, ndipo pasanathe mwezi amayi a m'mudzi anayamba kudandaula kuti nkhuku zawo zasiya kuikira.

Ine ndinali m'kalasi ya ubatizo, chaka chachiwiri, chomaliza. Abusa ankakhala kuboma ku Chama ndipo kwathu ankabwera pa njinga mwa apo ndi apo, mitsinje ikalola. Ulendo uno anali atalonjeza kudzatibatiza pa Pasaka. Agogo aakazi, NyaZimba, anali atandisokera kale dilesi loyera ndi manja awo, ndipo linkalendewera pa msomali m'chipinda mwanga litakutidwa ndi chitenje kuti lisade. Ndiye tsiku lina a Ng'uni, mlembi wa mpingo, akudutsa pa njinga, anatiwona ife asanu a m'kalasi ya ubatizo tikutuluka m'nyumba ya aphunzitsi, tikuphethira ndi dzuwa, anyamata akuponya mateche m'malere ndi kulira ngati amphaka.

Lamulungu mapemphero atatha, akulu a mpingo anakhala pa mabenchi kuseri kwa tchalitchi, ife asanu titaima pamaso pawo manja kumbuyo. A Ng'uni anali atatsegula kale buku la mayina.

"Ana awa adya pa gome la Satana," anatero. "Afafanizidwe. Ayambirenso kalasi."

Kuyambiranso kunali kudikira zaka zina ziwiri. Ndinaganiza za dilesi lija, kuti pofika nthawi imeneyo lidzakhala litandithina.

Agogo anakhosomola. "A Ng'uni, mafilimuwo inu mwawaona?"

"Ine? Mulungu andisunge!"

"Manje mukuweruza chiyani? Ine sindimenya chitini ndisanaone kuti chabwera nchiyani. Nthawi zina mapesi amagwedezeka ndi mphepo chabe, iwe nkudzutsa mudzi wonse pachabe."

Akulu ena anang'ung'udza movomereza, ndipo a Ng'uni, pokwiya, anati poti a Goma ndiwo ofuna kuona, apite akaone okha, adzanene Lamulungu lotsatira. Mayina athu anatsala m'buku kudikira mawu a agogo.

Chingerezi cha agogo chinali mawu awiri, ndipo onse anali opepesa. Choncho Lolemba masana anandiitana. "Enelesi, mlandu ngwako, Chingerezi nchako. Kwera njinga." Ine Chingerezi changa chinali cha giredi sikisi, chongomva liwu limodzi pa mawu khumi. Koma ndili pa kaliyala, chitini chikundigunda mumsana, ndinatsimikiza mumtima kuti mafilimu onse a a Mwansa atuluka m'kamwa mwanga ali oyera ngati kuti ajambulidwa ndi angelo. Tchimo linagogoda pakhomo, ine ndinalitsegulira nkuliyalira mphasa.

M'nyumba ya aphunzitsi munkanunkha petulo, thukuta ndi mtedza wokazinga, ndipo anthu ankakhala mothinana pansi mpaka bondo la mnzako linkakhala mtsamiro wako. Agogo analowa, anapereka moni kwa aliyense mmodzimmodzi kufunsa ndi za kunyumba komwe, kenako anati titsegule ndi pemphero.

"Atate," anatero a Mwansa, "mupemphere mwachidule. Jenereta imamwa ngakhale anthu atatsinzina."

Agogo anapempherera aphunzitsi, sukulu, mvula, boma, ndi "anthu onse amene ali m'bokosi umu, kaya kwawo nkuti". Atati ameni, filimu ya karate inayamba.

Inali nkhani ya mnyamata amene mphunzitsi wake, nkhalamba ya ndevu zoyera, anaphedwa ndi anthu oipa. Nkhalambayo itagwa, agogo anaimirira nkuweramitsa mutu, monga amachitira munthu akamva uthenga wa maliro. Anali aatali, ndipo jekete lawo linatseka tivi yonse.

"Agogo, khalani pansi!" anafuula anyamata kumbuyo.

"Munthu wamwalira, inu mukufuna kuona chiyani?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Maliro ali liti?"

"Amuika kale, agogo," ndinatero. "Kungoti tepi yadumpha. Abusa alalikira bwino kwambiri."

Pobwerera, akukankha njinga pa mchenga, anandiuza maganizo awo. Anati anthu aja ulemu ali nawo, chifukwa asanathyolane nthiti amayamba aweramirana, chinthu chimene oledzera a kwathu sanachiphunzire. Koma nzeru za adani aja anazikayikira. "Amuna makumi awiri kuzungulira mnyamata mmodzi, nkumadikira pamzere kuti awamenye mmodzimmodzi ngati ali pachigayo! Ife njovu timaithamangira tonse pamodzi." Chinawapweteka kwambiri chinali kuthamangitsana pamwamba pa nyumba za eni. "Aponda denga lonse. Mwini wake akabwera kumunda apeza mvula ili pamphasa. Adzafolera ndani? Ndipo mnyamata uja wabwezera yekha, ntchito ya Mulungu wailanda. Manje Mulungu atsala ndi chiyani?"

Lachiwiri inali ya nkhondo. Agogo anaimirira pa imfa yoyamba, anakhala, anaimiriranso, anakhala, mpaka mawondo anayamba kulira ngati chitseko chakale. Pamapeto pake anangopita kukatsamira khoma nkuima filimu yonse mutu uli pansi. Munali munthu mmodzi wosavala malaya amene anatha gulu lonse la asilikali ali yekha, ndi mfuti imene zipolopolo zake sizinkatha, ngati nsupa ya mafuta ya mayi wamasiye uja wa m'masiku a mneneri. Ine ndinayesa kunena kuti anthu akugwawo angokomoka, koma bomba litaphulika ndinaona kuti bodza limeneli silingayende, ndipo ndinalisiyira panjira.

Pobwerera, titawoloka kamtsinje, agogo anayamba kulankhula. "Samsoni atamaliza ntchito ngati imene ija anamva ludzu, analirira Mulungu," anatero. "Uyu sanapemphe ndi madzi omwe. Filimu iyi ndi yaulesi, mzukulu. Kupha kokhakokha, wogwira khasu kukumba manda palibe." Anayenda pang'ono nkuwonjezera motsitsa mawu: "Aliyense wagwa paja ali ndi amake." Tsiku limenelo sindinaseke.

Ya Lachitatu inali ya Amwenye, ndipo inali yaitali moti a Mwansa anathira petulo kawiri. Chilankhulo chake sindinkachidziwa ndi liwu limodzi lomwe, ndipo mawu a Chingerezi olembedwa pansi ankathawa ndisanamalize kuwerenga loyamba. Apa ndiye ndinamasuka ngati mbuzi yodula chingwe. Mnyamata ndi mtsikana atayamba kuimbirana pamwamba pa phiri, agogo anandikodola.

"Nyimboyo ikuti chiyani?"

"Ikuti tiyamike Mlengi wa mapiri, agogo. Ndi a kwaya."

"Kwaya ya anthu awiri?"

"Ena akubwera."

Ndipo taonani, kuseri kwa mitengo kunatulukadi anthu ngati makumi asanu akuvina mofanana. Ndinaona ngati kumwamba kwandivomereza.

Filimu imeneyi agogo anaikonda kuposa onse. Anati anthu awa analeredwa: mwana akafika pakhomo amagwira mapazi a amake, ukwati umayamba ndi makolo, ndipo munthu akamwalira mudzi wonse umalira mpaka nawe wowonera umve chisoni. Koma panali zinthu zowadetsa nkhawa. "Mvula yoyamba ikugwa, nthaka yafewa, m'malo mothamangira mbewu iwo akuzungulira mtengo kuvina. Njala ina njoitana dala. Ndipo mtsikana uja wasintha zovala kasanu nyimbo imodzi isanathe. Amene adzamukwatire agule mtsinje wakewake wochapira." Madzulo ake ndinawamva akung'ung'udza kanyimbo ka paphiri kaja akumanga chitini pa njinga, ndipo agogo aakazi anawayang'ana ndi diso lokayikira.

Lachinayi a Mwansa anaika tepi ya nyama za m'tchire, poganiza kuti mkulu wa mpingo apumulako. Analakwitsa. Panaoneka njovu zikuyenda dzuwa likulowa, kanyimbo kozizira kakulira, mzungu wosaoneka akulankhula monong'ona ngati ali pafupi ndi khanda logona. Iye ankalankhula pang'onopang'ono, moti kwa nthawi yoyamba ndinamva zonse ndipo ndinamasulira zoona zokhazokha.

"Akuti njovu ndi nyama yofatsa, agogo. Akuti siiwala."

"Kusaiwala nzoona, munda wanga siiuiwala chaka ndi chaka. Koma kufatsa? Mufunse bamboyo ngati analimapo chimanga."

"Sangamve, agogo."

"Ndi chifukwa chake akunama. Palibe womuyankha."

Posakhalitsa njovu ina yaikulu inatambasula makutu nkuyamba kuthamangira kwa ife. Theka la anthu linatulukira pakhomo, mayi wina anatulukira pazenera ndi saka lomwe. Agogo anaimirira, anaponda pansi, nkukuwa mfuu yawo ya kumunda imene inkamveka mpaka kutsidya: "Choka! Choka iwe!" Ndipo njovu ija, pa nthawi yomweyo, inaima, inapukusa mutu, nkutembenuka kulowa m'tchire. Agogo anakhala pansi nkukonza kolala ya jekete.

"Zimandidziwa," anatero.

A Mwansa anaseka mpaka anakagwira khoma. Koma chigamulo cha agogo chinali cholimba: mwa mafilimu onse, iyi ndiyo inali yabodza kwambiri. Ndinadabwa mumtima kuti tsiku lokhalo limene ndinanena zoona ndi limene anatulukamo akunena za bodza.

Lachisanu a Mwansa anafuna kubwereza ya Amwenye, koma agogo anaona tepi ina itabisidwa pansi pa mabuku.

"Iyo?"

"Iyo ndi yachikondi, atate. Ndi ya akuluakulu."

"Manje ine ndine mwana? Ana a kalasi anaionapo?"

A Mwansa anakanda m'mutu. "Kamodzi. Koma pofika poipa ndimaphimba."

Anali kunena zoona. Anthu a m'filimu akayandikizana milomo, aphunzitsi ankaima pambali pa tivi nkuiphimba ndi kaundula wa kalasi, akuyang'ana kudenga ndi kuwerenga chamumtima, kenako nkuchotsa. Vuto linali lakuti nthawi zina ankachotsa msanga.

Filimuyo inayamba ndi mayi wina wapabanja akutsuka mbale, atavala zakuntchito zotuwa. Agogo anali atachezera masiku awiri ndi njovu zenizeni, ndipo mayiyo asanamalize mbale zake, mutu wawo unagwera pachifuwa, mkonono nkuyamba, wolimbana ndi jenereta. Ndinathokoza kumwamba, Mulungu andikhululukire. Pakuti zimene zinatsatira sizikanamasulirika: mayi uja anadikira mwamuna wake apite kuntchito, anavala dilesi lofiira, nkutuluka kukakwera galimoto ya mwamuna wina. Kaundula wa a Mwansa anagwira ntchito tsiku limenelo kuposa teremu yonse. Agogo anadzidzimuka filimu itatha, mayina a osewera akukwera pa tivi, anapukuta pakamwa nkunena ameni.

"Ndinapumitsako maso pang'ono," anatero tili panjira. "Yatha bwanji?"

Ndinawafotokozera za mkazi wangwiro wodzuka kusanache, wosamala banja lake, wosadya chakudya chaulesi. Ndinati mwamuna wa galimoto anali mlongo wake, wodzamutenga kupita ku msonkhano wa chitsitsimutso. Ndinati kulira kwa kumapeto kunali kwa chimwemwe. Mawu ankangotuluka okha, osalala ngati therere.

Agogo anaimitsa njinga. "Zoona? Ndiye iyi ndi ya mpingo, mzukulu! Lamulungu ndikauza akulu kuti aphunzitsi anyamule bokosi lawo akaionetse m'tchalitchi pa tsiku la amayi. Agogo ako akhale kutsogolo. Kaundula asabwere naye, filimu yoyera siphimbidwa. Iwe udzaima pambali kumasulira."

Ndinaona m'maganizo amayi onse a mpingo atavala zoyera, mipango ili mbuu, agogo NyaZimba pa benchi yoyamba, ine ndikufotokoza chifukwa chimene munthu akupsompsonera mlongo wake motero.

Loweruka lonse ndinali ngati nkhuku yonyowa. Potunga madzi ndinapemphera kuti jenereta ife. Posinja ndinapemphera kuti tepi idyedwe ndi chiswe. Masana ndinathamangira kwa a Mwansa kukawapempha kuti adzanene kuti tepiyo yaduka. Atamva nkhani yonse anakhala pansi pakhonde nkuseka mpaka misozi.

"Mlongo wake! Iwe mwana, ukanakhala wolemba mafilimu. Koma manje ufuna nane ndiname kwa mkulu wa mpingo? Ine ndine mlendo kuno. Dzenje wakumba wekha, ndipo ndi lakuya bwino."

Nditabwerera ndinalowa m'chipinda nkuvundukula dilesi loyera lija. Ulusi wa agogo aakazi unali waung'onoung'ono, wolunjika, ntchito ya maso okalamba. Ndikaulula, a Ng'uni andifafaniza. Ndikakhala chete, ndibatizidwa ndi bodza m'kamwa, kenako lidzaululika lokha pamaso pa amayi onse. Ndinakumbukira Hananiya ndi mkazi wake, amene anagwa nkufa pamaso pa atumwi chifukwa cha bodza limodzi lokha. Ine ndinali nawo a masiku anayi.

Lamulungu tinaimanso kuseri kwa tchalitchi, akulu ali pa mabenchi, a Ng'uni cholembera chili m'manja. Agogo anaimirira nkufotokoza zonse mwadongosolo, osafulumira: za amuna a pachigayo, za mfuti ya mayi wamasiye, za ovina pamvula, ndi za njovu imene inawamvera. Pa nkhani ya njovuyi anakhalitsapo, ndipo anaionetsa kawiri mmene inatembenukira. Akulu ena ankabisa kuseka m'zipewa.

"Ya Lachisanu," anatero pomaliza, "anena ndi womasulira wanga, poti ine ndinapumitsa maso. Enelesi, auze akulu zimene unandiuza."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe za mkazi wangwiro, koma lilime linakana.

"Sanali mlongo wake," ndinatero.

"Wati chiyani?" anafunsa a Ng'uni.

"Mwamuna wa galimoto sanali mlongo wake. Sankapita ku chitsitsimutso. Mayiyo anathawa banja." Misozi inayamba, ndipo mawu anatsatira ngati madzi obowola mgolo. "Nkhalamba ya ndevu sanaiike, kunalibe abusa. Asilikali sanakomoke. A paphiri sanali a kwaya, ndipo nyimbo ija sindikudziwa zimene ikunena. Ndinanama masiku onse kupatula tsiku la njovu. Ndinkafuna kubatizidwa."

A Ng'uni anamenya buku ndi chikhatho. "Mwamva nokha! Mafilimu, kuba mazira, manje bodza kwa mkulu wa mpingo! Tikudikiranso chiyani?"

Agogo sanandiyang'ane. Anayang'ana a Ng'uni.

"Zaka ziwiri mwakhala mukumufunsa mwana uyu mafunso a katekisimu, iye nkumayankha zoloweza. Imeneyo ndi ntchito yabwino, koma ndi mbalame yomwe ingaphunzire. Lero wafunsidwa funso limene mulibe m'buku. Akanatha kunama kachisanu, ine wogona ndikanatsutsa chiyani? Wanena zoona akudziwa kuti dilesi lake loyera litsala pa msomali. A Ng'uni, ngati wotere sayenera madzi a ubatizo, tiyeni tonse tibweze amene anatithira pamutu, tikayambirenso kalasi. Ine ndikhala benchi yoyamba, inu mukhale pambali panga."

Mkulu wina wokalamba anati, "Ine mawondo sangalole zaka ziwiri," ndipo bwalo lonse linaphulika kuseka. A Ng'uni anatseka buku pang'onopang'ono. Sanali munthu woipa, ankangoopa kuti nkhosa zingasochere iye ali mlonda.

Anagwirizana kuti mayina athu akhale, koma tonse asanu tizire tchalitchi ndi dothi Pasaka isanafike, ndipo aliyense akapepese kwa mwini nkhuku. Za mafilimu anasiyira agogo. Iwo anati ya karate ndi ya nkhondo ana asaone mpaka adziwe kulemera kwa maliro. Ya Amwenye ionedwe ntchito ya kumunda ikatha. Ya njovu aione aliyense, kuti tidziwe mmene anthu akutali amanamizidwira za ife. "Koma ya mayi wa dilesi lofiira uja," anatero, "ibwerere pansi pa mabuku, ndipo mabukuwo akhale olemera."

Ndinali pakati popukuta misozi, koma mawu amenewo anandilowa. Pa kuulula kwanga konse sindinatchule dilesi. Ndipo pamene agogo ankagona, mayi uja anali akadali ndi zotuwa zake, akutsuka mbale.

Ndinadikira mpaka tinafika kunyumba. Agogo anakhala pansi pa mango, agogo aakazi ali pamphasa pafupi akusankha nyemba m'lichero.

"Agogo, dilesi lofiira munaliona bwanji muli m'tulo?"

Anatsegula Baibulo. "Wolondera njovu amagona ndi diso limodzi, mzukulu."

"Ndiye munkadziwa kuti ndikunama?"

"Kuyambira Lolemba. Maliro a mkulu ngati uja sangadumphidwe ndi tepi. Ndinkangofuna ndione ngati ubwerera wekha, kapena mpaka ndimenye chitini."

Lichero linasiya kulira. Agogo NyaZimba anadzutsa mutu.

"Dilesi lofiira liti, a Goma?"

"Za ntchito ya mpingo izi, NyaZimba."

"Ntchito ya mpingo. Diso limodzi lokha linatsala, ndipo mwa zonse za m'bokosimo linasankha dilesi. Ine ndakhala pakhomo pano zaka makumi anayi, maso anu onse awiri ali otsegula. Tanenani, chitenje chimene ndinavala kutchalitchi lero chinali cha mtundu wanji?"

Agogo anayang'ana m'Baibulo ngati yankho lili m'menemo. Anayang'ana kumwamba. Kenako anaimirira, anatenga chitini chawo, nkunena kuti akumva ngati njovu zibwera msanga lero. Dzuwa linali likadali pamutu.

Abusa anafika pa Pasaka matope ali m'mawondo, ndipo ndinabatizidwa m'dilesi loyera lija. Madzi atatsikira m'khosi ndinayang'ana pa benchi ya akulu. Agogo anali atatsinzina, koma sindinanyengekenso.

Anatisiya zaka zambiri zapitazo, ndipo pa maliro awo anthu anaimirira ambiri moti ndinaganiza kuti akanakhutira. Lero adzukulu anga amaonera mafilimu pa foni, ambirimbiri, a mitundu imene a Mwansa sanailotepo. Sindiwaletsa ndisanaone. Ndimakhala pambali pawo nkumafunsa mafunso a agogo: amene wagwayo amuika ndani, denga alipondalo adzafolera ndani, anthu awa amalima liti. Iwo amati, "Agogo, ndi filimu chabe," ndipo akafika pamene sakufuna kuti ndimve, amandimasulira mokoma kwambiri. Ine ndimangotsinzina nkuyamba kuliza mkonono pang'ono.

Ambuye akudalitseni inu nonse amene mwawerenga. Akupatseni mtima wosaweruza chimene simunachione, ndi lilime lotha kubwerera lisanafike patali. Minda yanu aitchinjirize ku zonse zoyenda mumdima, ndipo pa ana anu aikepo munthu wowakonda amene amagona ndi diso limodzi. Iye wosawodzera ndi wosagona akusungeni potuluka ndi polowa, kufikira tsiku limene tidzaonane naye popanda womasulira. Ameni.